Mmene Ojambula Zakuthambo Amatulutsira Mlalang'amba M'chithunzi Chakuda Bii

Chithunzi cha mlalang'amba chikangotuluka m'kamera sichikopa maso. Pa sikirini pamakhala mdima wa bii, tinyenyezi towerengeka, ndipo penapake pakati pamaoneka kachifunga kotuwa kamene munthu wosadziwa angakayese litsiro la pagalasi. Nthambi zopindika zabuluu, mizere ya fumbi ndi timadontho ta pinki, zimene anthu amasirira m'magazini, zimakhala zili m'fayilo momwemo, koma zili m'manambala aang'ono kwambiri moti diso silingazione. Ntchito yozitulutsa imachitika pa kompyuta telesikopu itatsekedwa kale, ndipo ili ndi ndondomeko yake imene munthu akaidumpha maola onse a usiku amalowa m'madzi.

Mlalang'amba ndi chigulu cha nyenyezi mabiliyoni ambirimbiri, pamodzi ndi mpweya ndi fumbi, zogwirana ndi mphamvu yokoka. Dzuwa lili mu umodzi mwa iyo, wotchedwa Milky Way, umene usiku wopanda mwezi umaoneka ngati mzere wotuwa wodutsa thambo lonse. Inayo ili kunja kwake, kutali kosaneneka. Chitsanzo chabwino kwa okhala kum'mwera kwa ikweta ndi M83, mlalang'amba wa nthambi zopindika umene Nicolas-Louis de Lacaille anaupeza mu 1752 ali ku Cape of Good Hope. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 15 miliyoni kuti kufike kuno. Ku Malawi, Zambia ndi Mozambique umakwera pafupi ndi paliwombo madzulo a mu Meyi ndi Juni, mvula itatha, utsi wa moto wa m'tchire usanadzaze mlengalenga. Kukula kwake pathambo sikufika theka la mwezi wathunthu.

Anthu ojambula thambo mongokonda, osalembedwa ntchito, akhalapo kuyambira pachiyambi pa luso limeneli. Mu 1888 Isaac Roberts, yemwe chuma chake anachipeza pa ntchito ya zomangamanga, anajambula mlalang'amba wa Andromeda ndi telesikopu ya mainchesi 20 pafupi ndi Liverpool, ndipo chithunzicho chinaonetsa kupindika kwa nthambi zake. Iye ankagwiritsa ntchito magalasi opakidwa mankhwala. Lero m'malo mwake muli sensa yamagetsi. Yoyamba yotchuka, CCD, anaitulukira Willard Boyle ndi George Smith ku Bell Labs mu 1969, ndipo makamera ambiri a masiku ano ali ndi mtundu wina wotchedwa CMOS. Kusinthaku kunasandutsa chithunzi kukhala manambala, ndipo manambala amatheka kuwaphatikiza, kuwachotsera ndi kuwagawa. Ntchito yonse yagona pamenepo.

Kuwala kochepa, mawanga ochuluka

Sensa ili ndi timabokosi mamiliyoni totchedwa mapikiselo, ndipo kalikonse kamawerenga tizigawo ta kuwala, mafotoni, timene tagweramo. Mafotoni safika mwandondomeko. Pikiselo yoyenera kulandira mafotoni 100 pa mphindi zitatu ulendo wina imalandira 91, ulendo wina 108. Kusiyanako kumakhala cha m'ma 10, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Ikalandira 10,000, kusiyana kumakhala cha m'ma 100, gawo limodzi lokha mwa magawo 100. Kusakhazikika kumeneku kumaoneka pachithunzi ngati timawanga tambirimbiri tomwazika, ndipo ojambula amakutcha noise. Pakatikati pa mlalang'amba, pamene kuwala kuli kochuluka, noise sivuta. M'mphepete mwa nthambi, momwe mafotoni amagwa amodziamodzi, imameza chilichonse.

Thambo nalo limawala. Magetsi a m'tauni, mwezi, utsi ndi fumbi zimathira kuwala pa pikiselo iliyonse, ndipo kawirikawiri kumaposa kuwala kwa m'mphepete mwa mlalang'amba. Kompyuta imatha kuchotsa kuwala kwa thamboko, koma noise imene kwabwera nako imatsala. N'chifukwa chake malo amene thambo lake ndi lowala kuwirikiza ka 10 amafuna maola ochuluka pafupifupi ka 10 kuti atulutse zofanana ndi malo amdima. Mafyuluta olola mtundu umodzi wokha wa kuwala amathandiza kwambiri pojambula mitambo ya mpweya, koma pa milalang'amba thandizo lawo ndi lochepa, popeza nyenyezi zimawala m'mitundu yonse, monganso mababu a LED. Wofuna milalang'amba amapindula kwambiri akapita kumalo akutali ndi magetsi kusiyana ndi kugula pulogalamu ina.

Njira yolimbana ndi noise ndi kusonkhanitsa kuwala kwa maola ambiri. Komabe kamera sisiyidwa yotsegula usiku wonse. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo ngakhale telesikopu ili pa choimikapo chokhala ndi mota yotsatira nyenyezi, kamphepo kakangoigwedeza chithunzi chonse chawonongeka. Choncho amajambula zithunzi zambiri zifupizifupi, mwachitsanzo 120 za mphindi zitatu chilichonse, omwe ndi maola 6, n'kuzisunga mu RAW kapena FITS. JPEG sithandiza pano, chifukwa kamera imakhala itataya kale manambala ambiri pochepetsa fayilo. Pakati pa chithunzi ndi chinzake telesikopu imasunthidwa dala ndi mapikiselo owerengeka, kumene amati dithering.

Kuchotsa zolakwa za kamera ndi telesikopu

Si zonse zimene sensa yalemba zimene zachokera kuthambo. Zina zabadwira m'kamera momwemo, ndipo ntchito yoyamba ndi kuziyeza n'kuzichotsa.

Sensa ikafunda imatulutsa yokha timagetsi ngakhale palibe kuwala, ndipo kutulutsako kumawirikiza kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 6. Mapikiselo ena amapitirira anzawo n'kumaoneka ngati tinyenyezi tofiira kapena tabuluu. Pofuna kuyeza zimenezi, wojambula amavundikira telesikopu n'kujambula mdima wokhawokha, kwa nthawi yofanana ndi ya zithunzi zenizeni, pa kutentha komweko ndiponso ISO kapena gain yomweyo. Zithunzi zimenezi ndi ma dark. Makamera opangidwira zakuthambo ali ndi choziziritsa chimene chimasunga sensa pa kutentha kosasintha, kawirikawiri madigiri 10 pansi pa ziro, motero ma dark ojambulidwa kamodzi amagwira ntchito miyezi ingapo. Wa kamera wamba ya DSLR alibe mwayi umenewu. Ayenera kujambula ma dark usiku womwewo, ndipo kuzizira kwa mu Juni kumamukomera kuposa kutentha kwa mu Okutobala. Palinso ma bias, zithunzi zamdima za kanthawi kochepetsetsa kamene kamera ingathe, zoyeza nambala imene kamera imawonjezera pa pikiselo iliyonse powerenga.

Ofunika kuposa onse ndi ma flat, ndipo ndi amene ongoyamba kumene amakonda kuwanyalanyaza. Telesikopu iliyonse imapereka kuwala kochuluka pakati pa chithunzi kuposa m'makona. Kafumbi kamene kagwera pa fyuluta kapena pa galasi loteteza sensa kamaoneka ngati chibanga chozungulira chotuwa, ndipo pa telesikopu ya kalilole chibangacho chimakhala ndi bowo pakati ngati mphete. Pa chithunzi cha masana palibe angazione zimenezi. Pa chithunzi cha mlalang'amba, chimene kuwala kwake kudzakwezedwa kambirimbiri, mphete iliyonse imatulukira poyera, nthawi zina itakhala pa nthambi penipeni. Ma flat amajambulidwa poloza telesikopu ku chinthu chowala mofanana paliponse, kaya thambo la m'bandakucha kaya sikirini yoyera ya laputopu, nsalu yoyera itakungidwa kukamwa kwa telesikopu n'kumangidwa ndi mphira. Kamera isatembenuzidwe, focus isasinthidwe, kufikira ma flat atajambulidwa. Ikangopotolozedwa pang'ono, mphete za fumbi la pa fyuluta sizigweranso pamene zinali, ndipo m'malo mochotsa chilema chimodzi pulogalamu imasiya ziwiri.

Masamu ake ndi osavuta. Ma dark 20 kapena 30 amaphatikizidwa kukhala dark imodzi yosalala, chimodzimodzinso ma flat ndi ma bias. Pa chithunzi chilichonse amachotserapo dark, kenako zotsalazo amazigawa ndi flat imene yachotsedwa kale bias. Mapulogalamu aulere monga Siril ndi DeepSkyStacker amachita okha zimenezi, monganso PixInsight, pulogalamu yogula yopangidwa ku Spain.

Ngati kamera ndi ya mitundu, pamatsala kanthu kena. Pikiselo sizindikira mtundu, imangowerenga kuchuluka. Pamwamba pa sensa pali timafyuluta tosanjidwa tinayitinayi, kofiira kamodzi, tobiriwira tiwiri ndi kabuluu kamodzi, mmene Bryce Bayer wa ku Kodak anakonzera m'zaka za m'ma 1970. Pulogalamu imawerengera mitundu iwiri yosowa pa pikiselo iliyonse poyang'ana zoyandikana nayo, ndipo izi zimachitika ma dark ndi ma flat atagwira kale ntchito yawo. Ena amasankha kamera yopanda mitundu, n'kumajambula mosinthanasinthana kudzera m'fyuluta yofiira, yobiriwira, yabuluu ndi ina yolola kuwala konse. Njira imeneyi, LRGB, imasonkhanitsa kuwala msanga, koma imachulukitsa mafayilo ndipo imafuna ndalama zambiri.

Kusankha, kulinganiza, kuphatikiza

Si zithunzi zonse zimene zimatengedwa. Chimene mtambo unadutsapo, chimene nyenyezi zake zatalika chifukwa cha mphepo, chimene chinajambulidwa mame atagwira galasi, zonsezi zimachotsedwa. Pulogalamu imayeza kukula ndi kubulungira kwa nyenyezi pa chithunzi chilichonse, komabe ndi bwino kuziyang'ana ndi maso chimodzichimodzi. Kutaya kusachuluke. Amene amataya theka la zithunzi pofuna zangwiro zokhazokha amabweza noise imene maola aja akanachotsa.

Zotsalazo zimalinganizidwa. Pulogalamu imazindikira nyenyezi mazanamazana, n'kusuntha ndi kutembenuza chithunzi chilichonse kufikira nyenyezi iliyonse itagwera pamalo amodzi m'zithunzi zonse. Kenako pa pikiselo iliyonse imatenga manambala a zithunzi zonse n'kupeza avereji.

Zimene zimachitika apa zikufanana ndi mlandu wa pabwalo la mfumu pamene mboni zachuluka. Mboni iliyonse ili ndi pamene yaiwala kapena kuwonjezera, koma zolakwazo zimasiyana munthu ndi munthu, pomwe chimene chinachitikadi chimamveka m'mawu a onse. Mlalang'amba umapezeka pamalo omwewo m'chithunzi chilichonse, noise imasinthasintha, motero poiphatikiza imafafanizana yokha. Kungoti imatha pang'onopang'ono. Zithunzi 4 zimaichepetsa ndi theka, zithunzi 16 zimaisiya gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo pamafunika zithunzi 100 kuti itsike ka 10. Amene ali ndi maola 6 ndipo akufuna chithunzi chosalala kawiri ayenera kufika maola 24. Si zachilendo kumva kuti chithunzi chimodzi chinatenga milungu kuchijambula.

Mboni imene ikunena zosiyana kwambiri ndi zinzake zonse imaikidwa pambali. Setilaiti ikadutsa imasiya mzere wowala pa chithunzi chimodzi chokha. Pa mapikiselo a mzerewo nambala imodzi mwa 120 imakhala yokwera modabwitsa, ndipo njira yotchedwa sigma clipping imaitaya n'kusunga zina 119. Mizere ya ndege imachoka chimodzimodzi. Kuyambira mu 2019, pamene masetilaiti a Starlink anayamba kutumizidwa ambirimbiri, njirayi yakhala yosapeweka. Dithering ija imapindula pomwepa. Pikiselo yowonongeka imakhala pamalo amodzi pa sensa, koma popeza telesikopu inkasunthidwa, zithunzi zikalinganizidwa imagwera malo osiyanasiyana, ndipo paliponse pamene yagwera imakhala yosiyana ndi zinzake n'kutayidwa.

Akatswiri nawo amachita zomwezi. Chithunzi chotchuka cha Hubble Deep Field cha mu Disembala 1995 chinachokera ku zithunzi 342 zojambulidwa pa masiku 10, ndipo njira ya drizzle, imene Andrew Fruchter ndi Richard Hook anakonzera ntchito imeneyo, lero ili m'mapulogalamu aulere aja. Imabwezako tinthu ting'onoting'ono totayika pamene mapikiselo ali aakulu kuposa zimene telesikopu ingasiyanitse, bola zithunzi zikhale zambiri ndiponso zosunthidwa.

Thambo lofanana, mitundu yoona

Chotuluka pa kuphatikiza chimakhalabe chakuda. Pa gawo limeneli manambala akadali oona, moti pikiselo yolandira kuwala kowirikiza kawiri ili ndi nambala yowirikiza kawiri. Ojambula amati chithunzicho chili linear, ndipo ntchito zingapo ziyenera kuchitika chikadali chotero. Pulogalamu imangochiwalitsa pa sikirini kuti munthu aone, osakhudza manambala.

Poyamba amadula m'mphepete, momwe zithunzi sizinakumane bwino. Kenako amalinganiza thambo. Kawirikawiri mbali imodzi imakhala yowala kuposa inzake, mbali yoloza ku tauni kapena kumene kunali mwezi. Wojambula amaika timabokosi toyezera pamalo pamene pali thambo lokha, ndipo pulogalamu monga GraXpert kapena Siril imawerengera mmene kuwalako kukusinthira kuchokera mbali ina kufika ina n'kukuchotsa. Ntchitoyi imaoneka yophweka, koma ndi pamene zinthu zenizeni zimatayika kwambiri. Mlalang'amba suthera pamene diso likuganiza kuti wathera, popeza kunja kwake kuli kuwala kozimiririka kumene kumapitirira patali ndithu. Kabokosi kakaikidwa pamenepo, pulogalamu imayesa kuwalako ndi thambo, imakuchotsa, ndipo mlalang'amba umatsala utazunguliridwa ndi mkombero wakuda umene kuthamboko kulibe. Palinso timitambo ta fumbi la mu Milky Way, towala mofooka kwambiri, monga timene timaoneka kuzungulira milalang'amba ya M81 ndi M82, ndipo wosadziwa angatiyese chilema. Zofookazi n'zimene zili ndi nkhani. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, David Malin wa ku Anglo-Australian Observatory, pogwiritsa ntchito luso la m'chipinda chotsukira zithunzi, anaonetsa kuti milalang'amba yambiri yooneka yosalala, kuphatikizapo Centaurus A, ili ndi mikombero yofooka kunja kwake, imene akatswiri amaitenga kukhala zotsalira za milalang'amba ing'onoing'ono yomezedwa.

Kamera, mafyuluta ndi mpweya wa dziko lapansi, chilichonse chimapotoza mitundu mwa njira yakeyake, motero chithunzi chosakonzedwa chimakonda kubiriwira kapena kufiirira. Kale ambiri ankangoyerekeza ndi maso. Lero pulogalamu imazindikira dera la thambo limene lajambulidwa, imatenga miyezo ya nyenyezi za m'deralo yochokera ku Gaia, chombo cha European Space Agency chimene chinatumizidwa mu 2013 n'kuyeza nyenyezi zoposa biliyoni imodzi, ndipo imasintha mphamvu ya mitundu itatu ija kufikira nyenyezi za pachithunzi zitagwirizana ndi miyezoyo. Zikatheka bwino, mitundu imanena za mlalang'ambawo. Dera lapakati limakhala lachikasu chifukwa kuli nyenyezi zakale, zozizirirapo. Nthambi zimakhala zabuluu chifukwa muli nyenyezi zikuluzikulu, zotentha, zobadwa posachedwa. Timadontho ta pinki ndi mitambo ya haidrojeni imene nyenyezi zatsopanozo zikuiwalitsa, ndipo mizere yoderako ndi fumbi lotchinga kuwala. Wosintha mitundu imeneyi kuti ingokongola amafafaniza zonsezi.

Kuchotsa chimbuuzi

Mpweya wa dziko lapansi sukhala bata. Ndi umene umachititsa nyenyezi kuphethira, ndipo pa chithunzi cha mphindi zingapo umasandutsa nyenyezi, imene iyenera kukhala kadontho, kukhala kabanga kofalikira pa mapikiselo angapo. Chilichonse m'chithunzicho chimakhala chafalikira mofananamo. Popeza nyenyezi zikuonetsa mmene kufalikirako kwachitikira, masamu angathe kubwezako pang'ono. Imeneyi ndi deconvolution. Njira yodziwika kwambiri anaikonza William Richardson mu 1972 ndi Leon Lucy mu 1974, aliyense payekha, ndipo inathandiza pa zithunzi za telesikopu ya Hubble kuyambira mu 1990, pamene kalilole wake anapezeka ndi chilema, mpaka vutolo litakonzedwa mu Disembala 1993. Ikagwiritsidwa ntchito mofatsa, mizere ya fumbi imaoneka bwinobwino. Ikapitirira muyeso, nyenyezi iliyonse imazunguliridwa ndi mdima, ndipo noise imaundana n'kukhala timizere topindikapindika tooneka ngati zinthu zenizeni.

Kusalaza noise nako kuli ndi ngozi yake. Malo owala amatchingidwa ndi mask kuti kusalazako kugwire thambo ndi m'mphepete mokha. Chithunzi chosalazidwa kwambiri chimaoneka chopakidwa utoto, ndipo timilalang'amba takutali timene tinali kumbuyoko timafafanizika limodzi ndi noise. Ndi bwino kusiyako timawanga tochepa kusiyana ndi kutaya zimenezi.

Zaka zaposachedwapa kwabwera zida za AI, monga BlurXTerminator ndi NoiseXTerminator za Russell Croman. Zimachita pa mphindi zochepa ntchito imene inkadya madzulo onse, ndipo kawirikawiri zimaichita bwino. Koma chida chimene chaphunzitsidwa maonekedwe a zinthu zakuthambo chikhoza kupereka maonekedwewo pamene kamera inalemba zosamveka. Wojambula aliyense ayenera kuyesa zotuluka zake, ndipo kuyesako n'kosavuta. Aike chithunzi chokonzedwacho pambali pa chosakonzedwa, komanso pambali pa chithunzi cha telesikopu yaikulu. Mzere wa fumbi umene ukuoneka pa chokonzedwa chokha, pa ziwiri zinazo palibe, ndi wopeka, ndipo mphamvu ya chidacho iyenera kuchepetsedwa.

Kutambasula kuwala

Apa ndi pamene chithunzi chimatuluka mumdima. Fayilo ya 16-bit imasiyanitsa milingo ya kuwala 65,536, pomwe sikirini wamba imaonetsa 256 pa mtundu uliwonse. M'chithunzi cha linear, thambo ndi nthambi zonse zimakhala zitapanikizana pansi penipeni pa milingoyo, nyenyezi zowala ndi phata la mlalang'amba zili pamwamba. Kutambasula, kumene ojambula amati stretching, ndi kukweza kwambiri manambala aang'ono, kukweza pang'ono apakati, n'kusiya aakulu pafupifupi mmene alili.

Wojambula amayang'ana histogram, galafu yoonetsa kuchuluka kwa mapikiselo pa mlingo uliwonse, n'kumaikankha pang'onopang'ono maulendo angapo, osati kamodzin'kamodzi. Cholakwa chofala ndi kudetsa thambo mpaka bii pofuna kubisa noise. Thambo lenileni si lakuda chotero, ndipo kudula manambala apansi kumadulira limodzi kunja konse kwa mlalang'amba. Zikadulidwa sizibwereranso, choncho thambo lizisiyidwa lotuwa moderako. China ndi kuyeretsa pakatikati mpaka mbee. Pa Andromeda ndi pa M83 pakati pamawala kuposa m'mphepete kambirimbiri, ndipo kutambasula kumene kukutulutsa nthambi kumasandutsa pakatipo chibanga choyera chopanda kanthu. Ena amajambulanso zithunzi zifupi za pakatipo n'kuziphatikiza ndi zazitali. Ena amagwiritsa ntchito zida zochepetsa kuwala kwa dera lalikulu n'kusiya tinthu ta m'katimo. Njira ya arcsinh, imene Robert Lupton ndi anzake anaifotokoza mu 2004, imakweza mitundu itatu mofanana, motero nyenyezi yofiira imakhalabe yofiira m'malo moyera.

Nyenyezi zimene zamwazika pachithunzi ndi za mu Milky Way, zili patsogolo pa mlalang'amba wojambulidwawo. Potambasula zimafufuma n'kuphimba chimene chikufunidwa. Vutoli limakula pa Centaurus A, umene James Dunlop anaupeza mu 1826 ali ku Parramatta, ku Australia, chifukwa dera lake lili ndi nyenyezi zothithikana. Mapulogalamu monga StarNet amachotsa nyenyezi n'kuziika pa chithunzi chapadera, mlalang'amba n'kukonzedwa paokha, kenako nyenyezizo n'kubwezeredwa zitatambasulidwa pang'ono. Pamenepa pamafunika kuyang'anitsitsa, chifukwa pulogalamuyo nthawi zina imasokoneza nyenyezi yapatsogolo ndi kagulu ka nyenyezi ka m'nthambi, ndipo imatha kuzula ngakhale phata la mlalang'amba.

Ofuna kuonetsa bwino malo obadwira nyenyezi amajambulanso maola ena ndi fyuluta ya H-alpha, yolola kuwala kofiira kwa haidrojeni kwa mananomita 656, n'kukuwonjezera pa mtundu wofiira. Kuwalako n'kwenikweni, koma kuchuluka kwake pachithunzi wasankha ndi munthu, choncho ayenera kunena pofalitsa chithunzicho kuti anawonjezera. Kukoleza mitundu kumabwera komaliza ndipo kumafuna kudziletsa. Odziwa ambiri amasiya chithunzi chigone n'kuchiyang'ananso mawa lake, chifukwa maso amene akhala pa sikirini maola angapo amazolowera zopitirira muyeso.

Mafayilo oyamba satayidwa

Chithunzi chomalizidwa chimasungidwa mu TIFF ya 16-bit, ndipo JPEG imapangidwa yotumizira anthu basi. Mafayilo oyamba aja amasungidwa ngakhale amadya malo ambiri. Chithunzi chotambasulidwa sichingagwiritsidwe ntchito poyeza, popeza manambala ake sakugwirizananso ndi kuwala kwenikweni. Asayansi akafuna kanthu amapempha mafayilo a linear, okhala ndi tsiku ndi nthawi yolondola, zimene FITS imalemba m'kati mwa fayilo.

Ndipo amapemphadi. Pa 20 Seputembala 2016, Víctor Buso, wokonza maloko wa ku Rosario, ku Argentina, ankayesa kamera yatsopano pa telesikopu yake ya masentimita 40 ataloza ku mlalang'amba wa NGC 613. Poyang'ana zithunzi zake za masekondi 20 anaona kadontho kamene m'zithunzi zoyamba munalibe, ndipo kuwala kwake kunkawonjezereka. Anali atajambula chiyambi chenicheni cha kuphulika kwa nyenyezi, SN 2016gkg, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya Nature mu 2018. Akanangophatikiza zonse osaziyang'ana, kusinthako kukanasungunuka mu avereji. M83 nawo waonetsa kuphulika kotereku maulendo 6 pakati pa 1923 ndi 1983.

Zinthu zofooka kwambiri zimafuna umboni wa zida zoposa chimodzi. Mu 2008 zithunzi za maola ambiri za R. Jay GaBany, zojambulidwa ndi telesikopu ya theka la mita, zinathandiza gulu la David Martínez-Delgado kuonetsa mzere wautali wa nyenyezi wozungulira mlalang'amba wa NGC 5907, wotsalira wa kamlalang'amba kong'ambika. Chithunzicho chinaonetsa mikombero iwiri. Mu 2019 gulu la Pieter van Dokkum, pogwiritsa ntchito chida chotchedwa Dragonfly, linaupeza mzerewo koma mkombero wachiwiri silinauone.

Mu Januwale 2023, Marcel Drechsler, Xavier Strottner ndi Yann Sainty analengeza za mtambo waukulu wopindika wa mpweya wa okosijeni pafupi ndi Andromeda, dera limene lajambulidwa kosawerengeka chiyambire nthawi ya Roberts. Chinthu chofooka chotero chikhoza kukhala chilema cha flat kapena kuwala kobwerera m'kati mwa telesikopu, choncho asanalengeze, deralo linajambulidwanso ndi matelesikopu ena kumalo ena, ndipo mtambowo unapezeka pamalo omwewo. Chithunzi chawo chinapambana mpikisano wa Astronomy Photographer of the Year, wa Royal Observatory Greenwich, chaka chomwecho.